Makhadi a zidutswa za chitenje: mbiri ya bizinesi yathu

Bizinesi yathu yopanga makhadi a mafuno abwino ili ndi lamulo limodzi lomwe sitinalisinthe chiyambire: khadi wamba lisadule kuposa buledi. Buledi akakwera, nafenso timakweza pang'ono. Akaima, timaima. Zina zonse, kaya ndi kumene timapeza zipangizo kaya kapangidwe kake, zimatsatira lamulo limeneli.

Tilipo atatu: ine, mng'ono wanga, ndi alamu athu amene amasoka pakhonde la sitolo ina ku Ndirande. Tinayamba mu 2020, sukulu zitatsekedwa mwezi wa Malichi chifukwa cha Covid-19. Ine ndinkagulitsa zitumbuwa ndi mandasi pageti la sukulu ya pulayimale, ndiye ana atakhala pakhomo msika wanga unathera pomwepo. Alamu anali ndi matumba a zidutswa za nsalu zomwe ankangotentha zikachuluka. Mng'ono wanga ndiye wa manja aluso pabanja pathu, kuyambira ali mwana ankajambula pa chilichonse. Mpamba wogulira sizasi, guluu ndi mapepala olimba tinabwereka ku banki mkhonde.

Anthu anatiseka ndithu. Amati zopangapanga zamanja amagula ndi azungu, ndipo nthawi imeneyo ndege zinali zitasiya kubwera, ogulitsa ziboliboli m'tauni akungowodzera pamalonda awo. Koma ife sitinkawerengera alendo akunja. Tinkayang'ana anthu a m'dera mwathu momwemu, amene mwezi sutha opanda chinkhoswe, ukwati, mwana wobadwa kapena wina wokhoza mayeso a MSCE. Makhadi a m'masitolo akuluakulu ndi ochokera kunja, ndi odula, ndipo mawu ake ndi a Chingerezi. Agogo a ku Thyolo ukawapatsa khadi lotero amangoliyang'ana maluwa n'kulisunga m'Baibulo. Athuwa timalemba m'Chichewa, ndipo wogula akafuna Chiyao, Chilomwe kapena Chitumbuka amatiuza yekha mawu, ife n'kulemba.

Nyengo yathu yokolola ndi Okutobala. Tsiku la Anakubala, pa 15, anthu ambiri amagulira amayi awo chitenje, ndipo khadi limapita pamwamba pa chitenjecho, nthawi zambiri muli kandalama mkati. Apa m'pamene WhatsApp imatilephera. Chithunzi cha maluwa chotumiza pafoni n'chaulere, inde, koma sungapindiremo ndalama, komanso amayi sangachiimike pa kabati kuti anzawo a kumvano achione. Chaka china mnyamata wina anaumirira kuti timulembere mwambi uja wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Alamu anaimitsa makina n'kumufunsa kuti, "Achimwene, mukufuna amayi akondwe kapena ayambe kudziyang'ana miyendo?" Anasintha yekha.

Chimene chinatigwedeza kwambiri ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenako mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mapepala olimba, maenvulopu ndi guluu zomwe tinkapikula ku Limbe n'zochokera kunja, ndiye zinakwera mosayang'ana kumbuyo. Kuti lamulo lathu lija lisasweke, tinayamba kupanga tokha pepala. Luso limeneli si lachilendo mu Blantyre muno: bungwe la PAMET linatchuka kalekale ndi mapepala opangidwa pamanja kuchokera ku mapepala akale, makungwa a nthochi ngakhalenso ndowe za njovu. Ife njovu tilibe, timadalira makope otha ndi mapepala otayidwa m'maofesi.

Timawang'amba tizidutswa, kuwaviika m'madzi usiku wonse, m'mawa n'kuwasinja mumtondo mpaka asanduke phala. Mtondo wake ndi wapadera, osati wosinjira nsinjiro, chifukwa inki siituluka m'mtengo. Nyuzipepala sitiikonda kwenikweni, imatulutsa pepala lotuwa ngati phulusa. Phalalo timalisungunula m'beseni lalikulu la madzi n'kuthiramo kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa, kamene kamalimbitsa pepala ndi kuthandiza kuti inki isamwazike polemba. Kenako mng'ono wanga amamiza felemu yokhomedwa sefa ya waya wa pawindo, n'kuitulutsa chogona, akuigwedeza pang'onopang'ono kuti phala lifalikire mofanana. Pamenepa ndi pamene pagona luso lonse. Dzanja likapendekeka pang'ono, mbali imodzi imanenepa ina n'kubooka. Akatembenuzira pa nsalu, timasanjikiza, kuika thabwa pamwamba ndi njerwa zingapo kuti madzi atuluke.

Kuyanika ndiye nkhani ya nyengo. Dzuwa la Okutobala limaumitsa msanga koma pepala limapindika, choncho timayanika pamthunzi n'kudzasita ndi ayironi ya makala. Chiperoni cha mu Juni ndi Julaye chimasiya mapepala ali chinyontho masiku angapo, ndipo m'dzinja akachedwa kuuma amachita chuku. Tinazolowera kupangiratu ambiri mu Ogasiti ndi Seputembala kuti atifikitse pa Khirisimasi ndi pa 14 Febuluwale.

Zokongoletsera pakhadi sitigula. Kachidutswa ka chitenje kochepa kuposa chikhatho kamakwana diresi ndi duku la mayi wosenza mtsuko. Makungwa ouma a nthochi ali ndi mitundu yawoyawo, ena oyererako, ena ofiirira, ena akuda bii, ndipo ukawadula bwino umatulutsa nyumba yaudzu, bwato la asodzi kapena phiri la Mulanje popanda penti. Zidutswa zomwe timazisankhula n'kuziika padera ndi za nsalu za zipani. Chaka cha 2025, chisankho cha pa 16 Seputembala chikuyandikira, matumba a alamu anadzaza nazo, ndipo palibe amene angafune theka la nkhope ya wandale pa khadi la ukwati wake.

Makhadi oitanira anthu ku chinkhoswe ndi ku ukwati ndi amene amatipatsa phindu looneka. Banja likasankha chitenje cha mwambowo n'kukasoketsa kwa alamu, zotsala zake timamata pamakhadi, ndiye woitanidwa amaoneratu nsalu ya tsikulo. Ambiri amatipeza kudzera pa sitetasi ya WhatsApp ndi pa Facebook. Oda yaikulu sitiyamba tisanalandire theka la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ngakhale wooda akhale wachibale. Maukwati ena amatha asanachitike, ndipo khadi lolembedwa kale mayina sungagulitse kwa wina.

Zokongoletsera m'nyumba zinabwera pambuyo, makasitomala ndiwo anazipempha. Timapanga zopondera pakhomo pomanga timizere ta nsalu pa thumba la saka, mafelemu a zithunzi a katoni yokutidwa ndi chitenje, mabotolo okulungidwa ndi chingwe cha khonje oikamo maluwa, ndi mapilo a pamipando. Malichero ang'onoang'ono opachika pakhoma timagula kwa bambo wina woluka nsungwi, ife timangosokerera nsalu m'mphepete. Amagula kwambiri ndi atsikana amene angoyamba kumene ntchito, ali m'nyumba ya lendi yomwe eni ake salola kupenta.

Pamene timakanganapo mpaka lero ndi pa mtengo wa zinthu zimenezi. Wogula amati, "Mayi, izi si zotola zomwezi?" Zoona, nsaluyo n'njotola, koma chopondera chimodzi chimadya masana onse a munthu, zala mpaka kuchita matuza. Mng'ono wanga amafuna tiziwerengera maola onse, ine ndimaopa kuthamangitsa anthu omwe anatigula pamene panalibe wina. Pakadali pano tinagwirizana kuti lamulo la buledi likhale la makhadi wamba okha. Zopondera, mapilo ndi makhadi a ukwati tikuziwerengera nthawi, ndipo wonenerera timamuchotsera pokhapokha akatenga zingapo.