Phunziro la kutha msinkhu liyambire pa msonkhano wa makolo

Atsikana ambiri thupi limayamba kusintha ali ndi zaka zapakati pa 8 ndi 13, anyamata pakati pa 9 ndi 14. Msambo woyamba umabwera patatha zaka ziwiri kapena zitatu mawere atayamba kumera. Tsono poti m'makalasi mwathu mwana wa zaka 9 amakhala limodzi ndi wa zaka 13 wobwereza, kudikira Sitandade 7 n'kuchedwa. Nkhaniyi iyambike mu Sitandade 4, mwana asanaone magazi n'kumayesa kuti wavulala.

Koma mphunzitsi asathamangire choko. Pomwe zinthu zimasokonekera n'pomwe mwana wafika kunyumba n'kunena kuti "lero aphunzitsi amatiuza zolaula." Mawa lake bambo ali pa ofesi ya ahedi, phunziro lathera pompo. Choncho makolo aitanidwe kutatsala masabata awiri. Kakalata kopatsira mwana sikathandiza, kamathera m'thumba la yunifolomu. Uthenga udutse mwa komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA), amayi a Mother Group (gulu la amayi othandiza atsikana pasukulu) ndi amfumu, ndipo unene kuti azakhali, agogo ndi amalume abwere nawo. Kwathu kuno kholo silimasuka kulangiza mwana wake pa za thupi; ntchitoyo ndi ya anthu amenewa, ndiye kuwasiya n'kusiya alangizi enieni.

Pamsonkhanopo muonetse zithunzi zonse zomwe ana adzaone, osabisa china. Kenako mugwirizane mawu. Kuyambira Sitandade 5 buku la Life Skills lili m'Chingerezi, koma mwana amafunsa m'Chichewa, ndipo mawu ena otchulira ziwalo ndi otukwana. Makolo asankhe okha omwe angawalole: kusamba, kupita kumwezi, umuna, malo obisika. Alembedwe papepala, aphunzitsi onse agwiritse ntchito omwewo. Funso lakuti "kodi simukuwaphunzitsa chiwerewere?" limabwera ndithu. Musalizembe: mwana wodziwa kuti angathe kutenga mimba ngakhale atangosamba kamodzi kokha sanamizika msanga.

Maphunziro atatu kapena anayi ndi okwanira poyambira. Loyamba onse pamodzi: kukula msanga, thukuta, ziphuphu, tsitsi la m'khwapa, kusamba m'thupi ndi sopo. Lachiwiri muwagawe, atsikana ndi mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa Mother Group, anyamata ndi wamwamuna. Atsikana aone ndi maso mmene padi amamatidwira pa kabudula wamkati ndi mmene kansalu kamapindidwira. Adziwe kuti magazi amatuluka masiku awiri mpaka asanu ndi awiri, kuti m'zaka zoyambirira mwezi wina umatha kudumpha, komanso kuti padi asinthidwe pakatha maola anayi kapena asanu ndi limodzi. Kansalu kachapidwe ndi madzi ozizira, chifukwa otentha amaumitsa magazi pansalu, ndipo kayanikidwe padzuwa. Ambiri amakabisa kunsi kwa mphasa kali konyowa, kuyabwa kumayambira pamenepo. Wochita manyazi akayanike ataphimba ndi chitenje chopyapyala.

Anyamata amaiwalika kawirikawiri. Auzidwe kuti kutulutsa umuna kutulo si matenda, si ufiti, ndipo sikufuna mkazi kuti "kuchire". Mawere kutupa pang'ono kumatha kokha. Amvenso za msambo, poti oseka mtsikana wodetsa diresi ndi iwowa.

Ikani katoni yoboola pamwamba yoponyamo mafunso opanda dzina. Pepala aliyense aponye, ngakhale losalemba kanthu, kuti wofunsa asadziwike. Muwerenge muli nokha, muyankhe tsiku lotsatira.

Za mchere ndi mdulo musalimbane nazo pamaso pa ana. Kunyoza agogo m'kalasi kumakudanitsani ndi mudzi wonse, pomwe kusathira mchere m'ndiwo sikupweteka munthu. Kusasa fumbi ndi nkhani ina. Imeneyo ikanidwe poyera, pamaso pa anankungwi ndi amfumu, ndipo akumbutsidwe kuti kuchokera mu 2017 malamulo oyendetsera dziko salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

Nthawi zina m'katoni muja mumapezeka kapepala kakuti wina kunyumba amamugwiragwira. Mwana wotero akadziulula, musamulonjeze kuti zikhala zachinsinsi ndipo musayambe mwaitana makolo, poti wochitayo angakhale wa m'nyumba momwemo. Dziwitsani ahedi tsiku lomwelo, nkhani ipite kwa woteteza ana wa m'deralo kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Nambala ya foni ya 116, yothandizira ana, ndi yaulere. Ilembedwe pakhoma pomwe ana onse angaione.