Kufula uchi ndi Ahadza ku Eyasi

Mukangodutsa tawuni ya Karatu, kumpoto kwa Tanzania, mumasiya phula n'kulowa msewu wafumbi wopita ku Mang'ola, m'mbali mwa nyanja ya Eyasi. Ndi makilomita pafupifupi 50, koma m'miyezi ya mvula, Marichi mpaka Meyi, galimoto yaing'ono musayese n'komwe. Gonani ku Mang'ola komweko, chifukwa alenje achihadza amanyamuka kusanache.

Chimene chinatiimitsa m'mawawo sinali nyama koma nsadzu, mbalame yotsogolera anthu kumene kuli uchi. Mlenje ankayenda akuimba likhweru, mbalameyo n'kuyankha, kenako n'kumauluka mtengo ndi mtengo mpaka inakatera pamlambe waukulu. Njuchi zinali m'mphako, m'mwamba ndithu. Bamboyo anadula nthambi zaziwisi za mtengo wolimba n'kusongola zikhomo, uku mnzake akupeka moto ndi timitengo tiwiri. Ankakhoma chikhomo ndi msana wa nkhwangwa, kupondapo, kukhomanso china pamwamba pake, mpaka anafika. Apa mpamene pagona ngozi. Thunthu la mlambe ndi lofewa, ndiye chikhomo chosalowa mokwanira chimazuka, ndipo chakale chimene ena anasiya chimathyoka munthu akapondapo. N'chifukwa chake amasema zatsopano. Mnzake uja anamupatsira chikuni chofuka, iye n'kuchilowetsa m'mphako, kudikira kuti utsi ufooketse njuchi, kenako n'kukulitsa bowo ndi nkhwangwa. Wopupuluma utsi usanakwane zimamuluma kumaso ali m'mwamba momwemo. Zisa anadyera pomwepo, ndi ana a njuchi omwe, zina n'kusungira akumsasa. Nsadzu sanaisiyire kanthu. Ahadza ambiri amakwirira kapena kutentha zotsala kuti mbalameyo ikhalebe ndi njala, mawa idzawatsogolerenso.

Mivi yawo ndi yosiyanasiyana. Ya mbalame ndi yamtengo wokhawokha. Ya nyama zazikulu imakhala ndi nsonga yachitsulo yopakidwa ulembe wotchedwa panjube, umene amauphika kuchokera ku madzi a chitsamba cha Adenium. Nsonga zina amazipeza kwa Adatoga osula zitsulo posinthanitsa ndi uchi. Azimayi amakumba mizu ndi ndodo zosongola n'kutola malambe, ndipo tsiku limene alenje abwera chimanjamanja ndi chakudya chimenechi chimene chimagoneka msasa.

Ahadza alipo pafupifupi 1,300, ndipo amene akudalirabe kusaka ndi kutola zakutchire ndi mazana ochepa. Minda ya anyezi, ng'ombe ndi makala zawalanda tchire lalikulu. Mu 2011 boma linawapatsa chikalata cha umwini wa malo oposa mahekitala 20,000 m'chigwa cha Yaeda, mothandizidwa ndi bungwe la Ujamaa Community Resource Team, ndipo kumeneko mitengo ikutetezeka. Koma misasa yapafupi ndi Mang'ola imamvetsa chisoni. Magalimoto a alendo amafika motsatizana, operekeza ena amauza anyamata kuti avale zikopa za nyani chifukwa cha zithunzi, ndipo ndalama zambiri zimathera kumowa. Anthu odziwa mtengo uliwonse m'tchire lawo sayenera kusandutsidwa chionetsero.

Musanalipire, funsani woperekeza kuti ndalama zofika kumsasa ndi zingati ndipo azilandira ndani. Tengani mashilingi ang'onoang'ono, mugule mikanda kwa azimayi eni ake osadzera mwa wina. Pemphani musanajambule munthu. Valani buluku lolimba ndi nsapato zotseka, minga ya kumeneko sinyengerera.