Maganizo anga pa ndondomeko ya maphunziro ya dziko la India

Ndakhala ndikuwerenga za ndondomeko ya maphunziro imene boma la India linavomereza pa 29 July 2020 m'malo mwa ija ya 1986, ndipo ndaona kuti ndinenepo maganizo anga. Komiti imene inaikonza inatsogoleredwa ndi a K. Kasturirangan, omwe kale anali mkulu wa ISRO, bungwe la boma la India loona za kafukufuku wa mlengalenga.

Chimene chandigwira mtima ndi cha ku yunivesite. Cholinga chake n'chakuti wophunzira amene wasiyira panjira chifukwa chosowa fizi asabwererenso kwawo chimanjamanja: akatha chaka chimodzi alandire satifiketi, akatha ziwiri dipuloma, akatha zitatu digiri, ndipo zimene anakhoza zisungidwe kuti akadzabweranso adzapitirize pamene analekezera. Ana aang'ono nawonso akuyenera kuphunzira m'chinenero chawo kufikira giredi 5 ngati n'kotheka, ngakhale kuti boma la chigawo cha Tamil Nadu likukana mfundo ina ya m'ndondomekoyi, yoti ana aziphunzira zinenero zitatu kusukulu, poopa kuti ndi njira yowakakamizira Chihindi.

Komabe pa nkhani ya ndalama ndili ndi chikayiko chachikulu. Mfundo yopereka 6 peresenti ya chuma cha dziko ku maphunziro, imene ilinso m'ndondomekoyi, inamveka kale mu 1966 kuchokera ku komiti ya Kothari, imene inaunika za maphunziro m'dzikolo, koma mpaka lero sinakwaniritsidwe. Ndiponso malinga ngati mayeso a JEE ndi NEET akadali khomo lolowera ku uinjiniya ndi udokotala, makolo apitirizabe kutumiza ana awo ku Kota, mzinda wa m'chigawo cha Rajasthan wodziwika ndi sukulu zokonzekeretsa ana mayesowa, kukachezera usiku wonse akuloweza mayankho m'tizipinda ta lendi.