Timayeza DNA, koma ntchito yeniyeni ili pa envelopu

Tsiku lomwe tinatsegula kaofesi kathu ku Lilongwe, mayi wogulitsa mandasi pakhomo anandifunsa zomwe timachita mkatimo. Ndinati timayeza majini. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako n'kuti, "Asisi, ndinu asing'anga?" Kuyambira pamenepo ndimangoti DNA, poti majini kwathu kuno ndi nkhani ina.

Ndinaphunzira biology ku Chancellor College ku Zomba, ndipo kumeneko ndi komwe ndinamva za 23andMe, kampani ya ku California yomwe Anne Wojcicki, Linda Avey ndi Paul Cusenza anayambitsa mu 2006. Azimayi awiriwo anaphunziranso biology ngati ine, n'chifukwa chake nkhani yawo inandigwira mtima. Dzina la kampaniyo likuchokera pa makromozomu a munthu, tinthu tating'onoting'ono ta m'thupi tonyamula DNA yomwe timatengera kwa makolo, omwe amakhala awiriawiri m'magulu 23. Munthu ankangolavulira m'kachubu, kutumiza pa positi, n'kuuzidwa komwe makolo ake anachokera ndi matenda omwe angakhale nawo m'magazi. Mu 2007 mtengo unali madola 999, pofika 2012 unatsika kufika pa 99.

Ine ndi mchimwene wanga, amene amasunga mabuku a ndalama, tinkaganiza kuti zomwezo zigwira kuno. Tinalemba m'madzi. Mchewa safuna kachubu kuti adziwe kwawo: mfunda ali nawo, agogo alipo, manda akuwadziwa. Komanso nkhokwe zomwe makampani otere amafananitsira DNA zinadzaza ndi azungu, moti munthu wa ku Dedza amangouzidwa dera lalikulu la Africa lomwe akulidziwa kale.

Anthu anabwera ndithu, koma ndi funso lina. Mwana uyu ndi wa ndani?

Kachitidwe kake n'kosavuta. Timapukuta ndi kathonje mkati mwa tsaya la mwana, la bambo, komanso la mayi ngati alipo. Tikaumitsa timamata mu envelopu n'kutumiza ku labotale ina ku South Africa. Mwana amatenga theka la DNA kwa mayi, theka kwa bambo, ndiye kumeneko amafananitsa malo angapo pa makromozomu. Zikagwirizana, pepala limati mwayi woti bamboyo ndi amene anabereka mwanayo ndi woposa 99.9 peresenti. Zikapanda kugwirizana limati 0. Magazi sitikhudza n'komwe, ngakhale ambiri amafika atapinda kale mkono wa malaya.

Chaka choyamba ndinalakwitsa chinthu chomwe mpaka lero chimandisowetsa tulo. Bambo wina anandichonderera kuti ndimutumizire zotsatira pa WhatsApp chifukwa anali kutali. Ndinatumiza. Foni inali m'manja mwa akazi awo, ndipo nkhani inafika kwa ankhoswe iwo eni asanaiwerenge. Kuyambira tsiku limenelo zotsatira timapereka pamanja, chitseko chotseka, ndipo tisanatenge kathonje timafunsa kaye kuti, "Bambo, pepala likati ayi, mwanayu mawa adya kuti?" Ena amakhala chete nthawi yaitali. Ena amadzuka n'kupita osayezetsa, ndipo mchimwene wanga amadandaula kuti ndikuthamangitsa makasitomala. Mwina akunena zoona.

Gawo lomwe ndimalikonda ndi la anthu ofuna kukwatirana amene amabwera kudzafunsa za sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo. Onse awiri akakhala kuti ali ndi mbewu ya matendawa, ngakhale iwo sadwala, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwa nawo. Kufotokoza zimenezi ndi nyemba zinayi patebulo, m'pamene ndimamva kuti sukulu ija sinapite pachabe.

Za ndalama sindinena zambiri. Labotale timailipira m'marandi, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinatsala pang'ono kutseka.

Chaka chomwecho akuba a pa intaneti anapeza mbiri za anthu pafupifupi 6.9 miliyoni a 23andMe, ndipo mu Malichi 2025 kampaniyo inapita kukhoti kukanena kuti yalephera kubweza ngongole. Makasitomala anayamba kufunsana kuti DNA yawo igulitsidwa kwa ndani. Pamapeto pake bungwe lomwe Wojcicki mwiniwake amatsogolera ndi lomwe linaigula pa madola 305 miliyoni. Ndimamulemekezabe mayiyu, koma nkhaniyi inandiopsa. Mawu achinsinsi a pa kompyuta munthu amasintha, DNA sasintha, ndipo yako ikaululika yaululanso abale ako.

Tinakhala pansi n'kugwirizana kuti ku labotale kuzipita nambala m'malo mwa dzina, ndipo pepala lililonse likatha miyezi isanu ndi umodzi tiziwotcha. M'dirowa langa muli envelopu ya bambo wina amene analipira zonse, koma sanabwerenso. Ndinawaona pa depoti mwezi watha atanyamula paphewa kamtsikana komwe anabwera nako kudzayezetsa, akukagulira chimanga chootcha. Anandipatsa moni, ine n'kuyankha. Envelopu yawo yatsala ndi masabata atatu.