Lero mu labu: PM6, Y6 ndi timichira tawo

Pafupifupi tsiku lonse ndathera pa glovebox, bokosi lotsekeka losalowa mpweya wakunja, manja ali m'magolovesi akuluakulu aja, kusungunula PM6 ndi Y6, makemikolo awiri opangira ma solar cell a organic, mu chloroform kenako kudontheza pa tigalasi nkutizunguliza pa makina otchedwa spin coater mpaka patsale kautoto kopyapyala mwina ma nanometer 100 basi. Mpaka pano zimandisangalatsabe kuti kanthu kochepa chonchi kakaombedwa ndi dzuwa kamatulutsa magetsi.

Mu cell yotere pamafunika makemikolo awiri, wopereka electron (PM6) ndi wolandira (Y6), ndipo ine ntchito yanga ili pa wolandirayo, acceptor. Kale anthu ankadalira ma fullerene ngati PCBM, timipira tija ta carbon, koma sitimwa kuwala kokwanira komanso kutisintha nkovuta. Zinthu zinatembenuka mu 2015 pomwe gulu la Xiaowei Zhan ku Peking University linatulutsa ITIC, acceptor yemwe si fullerene, kenako mu 2019 gulu la Yingping Zou ku Central South University ku Changsha linabwera ndi Y6, efficiency, gawo la mphamvu ya dzuwa lomwe limasanduka magetsi, nkufika 15.7%. Y6 ndi wopindika ngati nthochi, kumapeto konse kuwiri kuli fluorine, ndipo amamwa ngakhale kuwala kwa infrared komwe maso athu saona.

Masana pa nkhomaliro tinatsutsana kwambiri ndi mnzanga wa benchi yoyandikana. Iye akuti tisinthe pakati pa molecule penipeni, ine ndikuti ayi aise, tiyambe ndi timichira ta alkyl, timaunyolo ta carbon ndi hydrogen tam'mbalimu, chifukwa nditimene timalamula mmene ma molecule amasanjikizana akauma, ndipo akasanjikizana bwino ma electron amayenda osatayika panjira. Ndinamukumbutsa za L8-BO ya gulu la Yanming Sun ku Beihang University mu 2021, iwowo anangochotsa mchira wowongoka pa Y6 nkuikapo wa nthambi, efficiency nkudutsa 18%. Sanavomere kwenikweni koma anati tiyese zonse ziwiri.

Chomwe chikundivutitsa maganizo madzulo ano ndi china. Tonse timathamangira manambala okwera a efficiency, ena afika cha m'ma 20%, koma chloroform ndi wapoizoni, kufakitale sangamapake naye mapanelo akuluakulu, komanso ma cell amenewa akakhalitsa pa kutentha ndi mpweya amafooka msanga poyerekeza ndi a silicon. Molecule yabwino kwa ine ndi yomwe ingasungunuke mu solvent (chosungunulira) yosaopsa kwambiri nkupirira dzuwa zaka zambiri. Ndasiya ma sample ena pa hot plate usiku uno kuti ndione akalamba bwanji, mawa ndiyesa solvent ina, o-xylene, m'malo mwa chloroform.