Loweruka la mabuleki

Lero ndadzuka kusanache bwino, osati chifukwa cha khama ayi, koma mtima sunali m'malo chiyambire Lamulungu lapitali. Tsiku limenelo tinakwera phiri ndi alendo ochokera ku Lilongwe, kukawaonetsa damu la Mulunguzi ndi kugula sitiroberi wa m'mbali mwa msewu. Tinali anthu 5 m'ka Corolla kanga ka 2006, kuwonjezera thumba la mbatata ya kachewere kumbuyo. Potsika kuchokera pa Ku Chawe, titakhota makona angapo, ndinamva buleki ikufewa. Ndikaponda, phazi linkangolowa ngati ndaponda papaya wakupsa. Ndinapopa kawiri katatu, inagwirako, ndipo ndinaimika pambali ponamizira kuti alendo ajambule nyanja ya Chilwa yomwe imaonekera patali. Mawilo akutsogolo ankanunkha ngati mphika wopserera. Alendo anasangalala ndi zithunzi zawo. Mayi a kunyumba okha ndi amene anandiyang'ana n'kukhala chete, ndipo kukhala chete kwawoko ndimakudziwa.

Sabata yonseyi galimoto inali gone, ine ndimayenda pa kabaza.

Chimene ndimachitcha galaja kuno ku Matawale ndi mitengo ya bulugamu yokhomerapo malata akale kuseri kwa nyumba, koma pansi ndinawaka simenti, ndipo ndimanyadira zimenezo. Zida zimakhala m'thiranki yomwe ndinapita nayo ku sekondale. Mwana wa achemwali anga, yemwe walemba mayeso a fomu 4 ndipo akungokhala, anafika cha m'ma 7 koloko kudzandithandiza. Tisanatsegule n'komwe thiranki, mawu anachokera pawindo.

"Bambo, popeza lero mwatulutsa zitsulo zanu, mpope wa kukhitchini uja musauiwale."

"Ndamva, mayi."

Mwezi wachiwiri uno ndikuyankha chomwecho.

Mnyamata uja anayamba ndi kututa njerwa zoti tikhazikepo galimoto, akuti ndi mmene amachitira anzake. Ndinamuuza azibweze komwe wazitenga. Njerwa yowotcha imaoneka yolimba, koma ikafuna kuphwanyika sichenjeza, imangoti phwa, ndiye mutu wako uli m'kati mwa wilo. Jeke nayonso ntchito yake ndi kunyamula basi, si yogonera pansi pake. Tinaika miyala kumatayala akumbuyo, kukoka handibuleki, kumasulako manati ndi sipanala ya 21 tayala likadali pansi, kenako kukweza ndi kukhazika galimoto pa masitandi achitsulo omwe ndinagula ku Limbe. Tayala lililonse lomwe tachotsa tinaligoneka pansi pa galimoto, kuti ikati igwe ipeze pofikira.

Kumanja kunali bwinobwino, mapadi onse awiri, aja amapana disiki yachitsulo yozungulira ndi wilo kuti galimoto iime, atatha mofanana, atatsala mamilimita ngati 4. Kumanzere ndiye kunali nkhani. Padi yakunja inali yonenepa ndithu, koma yam'kati inali itadyeka mpaka kutsala ngati chikhadabo, disiki itasintha mtundu chifukwa cha moto. Caliper, chitsulo chomwe chimanyamula mapadiwo, imayenera kumatsetsereka pa timapini tiwiri kuti izipana disiki mbali zonse mofanana. Pini yapansi inali itauma gwa. Kalabala kake koteteza fumbi kanang'ambika, madzi ndi matope a dzinja zinalowa, dzimbiri n'kumanga nyumba. Ndiye padi imodzi ndiyo imagwira ntchito ya awiri, komanso sinkasiya disiki ndikachotsa phazi. Wilo limenelo linkatentha ngakhale pamsewu wosalala. Ndinafuna kuloza chala amene anandigulitsa mapadi chaka chatha, koma amene anawamanga osatsuka mapini ndine ndemwe, ndikuthamangira kukaonera mpira.

Tili m'kati molimbana ndi pini ija ndi pulaya, anatulukira aneba, mkulu wina yemwe anayendetsa malole a boma kuyambira nthawi imene Zomba inali likulu, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Iwo akamva kulira kwa sipanala sakhazikika pakhomo pawo. Anapereka moni, anakhala pa chigubu, n'kumvetsera nkhani yonse ya Lamulungu osanena kanthu. Kenako anadzuka, kutsegula boneti, kumasula kachivindikiro ka mafuta a mabuleki n'kusuzumira.

"Aphunzitsi, mafutawa munasintha liti?"

"Ndimawonjezera akatsika, achikulire."

"Sindinafunse zowonjezera."

Ndinasuzumira nanenso. Mafuta atsopano amakhala oyera, achikasu pang'ono ngati mafuta ophikira. Anga anali ngati tiyi wopanda mkaka yemwe wagonera m'ketulo. Kunena zoona, chilowereni galimotoyi pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, sindinawakhuthulepo. Oyilo wa injini ndimasintha mwa nthawi yake, mpaka ndimalemba m'kabuku. Awa ndinkawaona ngati amuyaya.

Apa ndi pamene panagona vuto la Lamulungu. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho cha mumpweya, pang'onopang'ono, ngakhale galimoto isakuyenda, ndipo kuno kumunsi kwa phiri chinyontho sitisowa. Pachivindikiro changa palembedwa DOT 3. Mafuta amtundu umenewu akakhala atsopano sawira mpaka kutentha kutafika madigiri 205, koma akamwa madzi muyezo wake umatsika kufika pa 140. A DOT 4 amayambira pa 230 n'kutsikira pa 155. Tsono potsika phiri, phazi lili pabuleki kona ndi kona, anthu 5 ndi thumba la mbatata, kuwonjezera pini youma ija, moto wa pa disiki unafika kumafuta ndipo anawira. Mafuta sapanika, n'chifukwa chake ukaponda mphamvu yonse imakafika kuwilo. Koma nthunzi imapanika. Umaponda, iyo n'kumangofinyika, galimoto ikupitabe. Choopsa chake n'choti zikazizira buleki imabwerera mwakale, munthu n'kumati zinali ziwanda chabe. N'chifukwa chake amalangiza kukhuthula mafutawa pakatha zaka ziwiri zilizonse.

"Nanga munatsika ndi giya yanji?" anafunsanso achikulire.

"Inali pa D."

Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti kale phirili linali ndi msewu wokwerera pawokha ndi wotsikira pawokha, yonse yopapatiza, ndipo dalaivala wa lole yodzaza matabwa a paini akadalira buleki yokha sankafika m'tauni. "Phiri umatsika ndi giya yomwe unakwerera," anatero. Galimoto ya otomatiki nayo ili ndi 2 ndi L, zina analemba B, kuti injini izigwira galimoto, buleki izingothandizira. Ndimazidziwa zimenezi, ndinaziphunzira kusukulu yoyendetsa galimoto. Kungoti ndinkacheza ndi alendo.

Ndinakwera kabaza kupita m'tauni. Musitolo ina anandionetsa mapadi amitundu iwiri, ena m'bokosi losindikizidwa bwino, ena omangidwa ndi labala. Ndinatenga a m'bokosi, mtengo wake ndinachita kupuma kaye. Mnyamata wogulitsa anafuna kundipungulira mafuta a mabuleki kuchokera m'chigubu chotsegula kale kuti nditchipitse. Ndinakana. Chigubu chomwe chakhala chikutsegulidwa tsiku ndi tsiku chamwa kale chinyontho chomwe ndikuthawacho. Ndinagula mabotolo awiri omata a DOT 4, poti amagwirizana ndi DOT 3. Amene sasakanizika ndi DOT 5, ameneyo ndi wamtundu wina. Girizi wa silikoni wopaka mapini ndinamupeza musitolo yachitatu. Girizi wamba amatupitsa labala, pakapita miyezi pini imagwiranso. Timalabala tatsopano ndinapeza ta mbali imodzi yokha.

Nsima ya masana inali ya matemba ndi nkhwani wotendera. Achikulire anakana kawiri, kachitatu anasamba m'manja.

Kumanga mapadi sikunavute. Pini ija tinaipala ndi sandipepa mpaka kuwala, kupaka girizi, kuvalika labala watsopano. Caliper tinaikoleka ndi waya ku sipuling'i kuti isalendewere papaipi yake ya labala. Ndinayamba ndapopa mafuta akale m'kathanki ndi sirinji, chifukwa ukamakankha pisitoni, ija imakanikiza mapadi pa disiki, kubwerera m'kati mafuta amakwera n'kusefukira, ndipo akadonthera pa penti amaisupula. Pisitoni tinaikankha pang'onopang'ono ndi kilampu titatsamiza padi yakale. Mnyamata anafuna kuuzira fumbi la mapadi ndi pakamwa, achikulire anamumenya kachipewa. Fumbi limenelo si lopumira, timapukuta ndi kansanza konyowa. Mapadi tinasintha mbali zonse ziwiri, ngakhale akumanja akanatha kuyendabe, kuopa kuti galimoto izikokera kumodzi.

Ntchito yeniyeni inali yotulutsa mafuta akale m'mapaipi. Iyi ndi ya anthu awiri, wina pampando wa dalaivala, wina kuwilo ndi sipanala, kapaipi koonekera m'kati ndi botolo. Tinakwezanso kumbuyo. Galimoto zathu chiwongolero chili kumanja, kathanki ka mafuta kalinso komweko, ndiye tinayambira wilo lakutali, lakumbuyo kumanzere. Kanipo kake, kabauti kotulutsira mafuta kuwilo, kanali kadzimbiri, ndipo timeneti tikathyoka umalira tsiku lonse. Ndinakathira mafuta omasulira dzimbiri, kudikira, kukagogoda pang'ono, kenako kukagwira ndi mbali yozungulira ya sipanala, osati yakukamwa ija yomwe imadya makona. Kanamasuka ndi kakulira kakang'ono. Pansi pa pedulo ndinaika kachipika kuti phazi lisamafike pansi penipeni, kuopa kung'amba malabala a m'kati mwa pampu yakaleyi.

"Popa!"

"Ndapopa, ankolo."

"Gwira pomwepo!"

"Ndagwira."

Ndikamasula, mafuta akuda amatsika m'kapaipi, phazi lake limalowa, ine n'kumanga. "Siya!" Kenako kuyambiranso. Achikulire anadzipatsa udindo woyang'anira kathanki, kuthira atsopano kasanaume, chifukwa kakauma mpweya umalowa ndipo ntchito yonse yabwerera pachiyambi. Mawilo awiri akumbuyo anatha bwino, mafuta n'kuyamba kutuluka oyera. Tili pa lachitatu, foni ya mnyamata inalira. Ndinangoona mafuta a m'kapaipi akubwerera m'mbuyo, thovu likutsatira.

"Iwe, wasiya?"

"Pepani ankolo, amayi amaimba."

Achemwali anga omwe, kufunsa ngati mwana wawo wadya. Wilo limenelo tinalibwereza mpaka thovu lomaliza litatuluka, foni ili m'thumba mwanga.

Dzuwa linali litapendeka pamene timatsitsa galimoto. Manati ndinamanga mopingasa, ili kenako loyang'anizana nalo. Buku la galimotoyi limati manati azimangidwa ndi mphamvu ya 103 Nm, ndipo achikulire ali ndi sipanala yoyezera yomwe amaisunga m'nsalu ngati mwana wakhanda. Anakaitenga, koma sanalole wina aliyense kuigwira. Ine zondinyansa ndi zija amachita ena okonza matayala, kulowetsa paipi yaitali kusipanala n'kudumphirapo ndi miyendo yonse. Tsiku lomwe tayala lidzaphulike usiku pa Thondwe, ndi kasipanala kako kakafupi, udzawakumbuka.

Ndisanalize injini ndinapopa buleki mpaka italimba, poti pisitoni yomwe yakankhidwira m'kati imafuna ibwerere kaye pa mapadi. Woiwala zimenezi amagumula mpanda wake womwe. Ndinayesa kaye m'kamsewu kafumbi ka kwathu kuno, kenako tinalowa mu M3 kulowera ku Chinamwali mpaka pafupi ndi Songani, ndikuponda mofatsa kangapo kuti mapadi atsopano azolowerane ndi disiki. Pedulo inali yolimba, yogwirira pamwamba. Pobwerera ndinayandikitsa dzanja kumawilo onse awiri akutsogolo, kutentha kunali kofanana. Achikulire, omwe anakhala kutsogolo ngati woyesa madalaivala, anangoti, "Eya." Kuphiri ndidzapitako sabata yamawa, ndekha, pa giya ya 2.

Tikulowa m'nyumba magetsi anali atathima. Ndikusamba m'manja kukhitchini ndi sopo wochapira, ndinamva do, do, do, musinki. Mayi a kunyumba anaima pakhomo atanyamula kandulo, osalankhula.

Ndinakatseka madzi pa mita, mnyamata akuwalitsa ndi foni yomwe ndinali nditamubwezera. Nditamasula mutu wa mpope ndinapeza washa itaphwatalala, itang'ambika mbali imodzi. Kanthu kotchipa kuposa mtolo wa masamba, ndipo lero lomwe ndinadutsa pakhomo pa mahadiweya atatu osakakumbuka. Ndinadula ina kuchubu chakale cha njinga ndi lumo, kuboola pakati ndi msomali, kusanjikiza ziwiri poti chubu n'chopyapyala. Titatsegula madzi tinaima tonse atatu kuyang'ana mpope. Unakhala chete kanthawi ndithu, mnyamata mpaka anayamba kuwomba m'manja. Kenako kadontho kanatuluka, kulendewera, n'kugwa.

"Kwachepako," ndinatero.

Mayi anatenga beseni n'kuliika pansi pa mpope. "Lolemba mukamachokera kuntchito mudzere kuhadiweya, bambo. Ndikulemberani papepala."

Pepalalo andiikira m'thumba la malaya omwe ndivale Lolemba.