GTO yanga ya waya: sabata yachinayi, chiuno chatheka

Loweruka lapitali ndinaswera pakhonde ndi pulayazi m'manja, ndipo madzulo Pontiac GTO ya 1966 inali itaima pa matayala ake anayi. Boneti ilibe, denga ndangolimangirira mongoyembekezera, koma ukaiona chapatali thupi lake layamba kudziwika.

Kwa inu amene mwandipeza panjira: ndikupanga magalimoto a waya a mtundu umodzi wokhawu, GTO ya ku America, motsata zaka zake. Ya 1964 ndinamaliza kale. Muyeso ndimauchepetsa kakhumi. Pa galimoto yeniyeni, kuchoka pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo pali mainchesi 115, pafupifupi masentimita 292, ndiye yangayi ndi masentimita 29. Waya wa mpanda ndiwo mafupa, womangira ndi wa kopa umene ndinasomphola m'mota yakupsa, matayala ndinadula ku patapata wakuda.

Chimene chinandidyera masabata awiri ndi chiuno. GTO ya 1964 m'mbali mwake ndi mowongoka, waya umangoutambasula basi. Koma mu 1966 anaisintha thupi: mzere wam'mbali umayenda bwinobwino, ukafika kumapeto kwa chitseko umakwera n'kutukuka pamwamba pa tayala lakumbuyo, ngati botolo la Coca-Cola logoneka. Ulendo woyamba ndinapinda kwambiri, panatuluka bondo. Wachiwiri mbali yamanja inakwera kuposa yamanzere, galimoto n'kumaoneka ngati ikutsimphina. Wachitatu ndinatenga mawaya onse awiri, n'kuwamanga pamodzi ndi mphira wa chubu, kenako n'kuwapinda limodzi pa mpini wa khasu, pang'onopang'ono, ndikuyerekeza ndi chithunzi chimene ndinajambula pa katoni. Nditamasula mphira uja, mawaya anatuluka ofanana ngati mapasa. Amene mukupanga galimoto ya mbali zokhota, yesani njira imeneyi.

Popinda chiuno chimenechi m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake ya 1964 ija sinandifike pamtima ngakhale ndinaimanga mosamala. Galimoto ija kunja inali wamba. Poyamba GTO sinali galimoto payokha, inali chabe zowonjezera zimene wogula Pontiac Tempest LeMans ankatha kusankha polipira madola pafupifupi 300. Kampani ya General Motors, mwini wake wa Pontiac, inali italetsa nthambi zake kuchita nawo mipikisano ya magalimoto mu 1963, komanso inali ndi lamulo loti galimoto zapakatikati zisapitirire injini ya malita 5.4. Mainjiniya a Pontiac, John DeLorean ndi anzake Bill Collins ndi Russ Gee, anaona kuti lamulolo silikunena za injini yochita kusankha wogula. Anatenga injini ya V8 ya malita 6.4 ya m'magalimoto akuluakulu a Pontiac n'kuilowetsa m'thupi lopepuka la Tempest, dzina n'kubwereka ku Ferrari 250 GTO. Akuluakulu ankaganiza kuti agulitsa 5,000 zokha, koma chaka chimenecho zinapita 32,450. Ndiye ukali wonse wa galimoto ija unali pansi pa boneti, ndipo waya umaonetsa thupi lokha. N'chifukwa chake yanga inaoneka ngati galimoto ya bambo wopita kuntchito.

Pa ya 1966 sindibwerezanso zimenezo. Boneti ndiipanga yotseguka, ndi timahinji ta waya wa kopa. Mkati ndiikamo kabokosi ka chitini kokhala ngati V koimira injini, pamwamba pake zitsekerero zitatu za mabotolo zondondozana. Zimenezi zikuimira Tri-Power, makabuleta atatu (zida zosakaniza petulo ndi mpweya) amene mu 1964 ankakweza mphamvu ya injini kuchoka pa mahatchi 325 kufika 348. Chaka cha 1966 chinali chomaliza GTO kukhala ndi makabuleta atatuwo, komanso n'chimene inayamba kugulitsidwa ngati galimoto payokha, ndipo zinagulidwa 96,946, kuposa chaka china chilichonse. Kwa ine GTO yeniyeni ndi imeneyi, pamene thupi linafanana ndi injini yake.

Nkhope yake sinavute kwenikweni. Nyali zinayi, ziwiri mbali iliyonse, ina pamwamba pa inzake monga zinalili kuyambira 1965 mpaka 1967. Ndagwiritsa ntchito mabatani oyera a shati. Pakati pali mphuno yogawa malo olowera mpweya pawiri, chizindikiro cha Pontiac. Batani limodzi lapendekeka, ndilimasula mawa.

Usiku ndakhala ndikujambula kale zotsatira. Ya 1968 ndi imene ikundisowetsa tulo, chifukwa bampala yake yakutsogolo sinali yachitsulo chonyezimira: inali yofewa ngati mphira, ya mtundu umodzi ndi thupi, ankaitcha Endura. Ndikuganiza zokuta waya ndi chubu ya njinga n'kupaka penti. Ikatero pabwera GTO yotchedwa The Judge ya 1969 yachikasu chofiirira ija, yokhala ndi phiko kumbuyo, kenako ya 1970 imene inalandira injini ya malita 7.5.

Kuchoka pamenepo nkhani yake imandimvetsa chisoni. Makampani a inshuwalansi anakweza mitengo kwa achinyamata oyendetsa magalimoto amphamvu. Lamulo loletsa utsi woipa la 1970 linabwera, ndipo kuyambira 1971 injini anazifewetsa kuti zizitha kumwa petulo wopanda mtovu. Mu 1973 mafuta anasowa mayiko a Aluya atasiya kugulitsa ku America. Pofika 1974 dzina la GTO linali pa kagalimoto kakang'ono ka Ventura, injini ya malita 5.7, mahatchi 200, ndipo zinagulidwa 7,058 zokha. Anthu ambiri okonda magalimotowa saiwerengera n'komwe. Ine ndiipanga ndithu, ndipo ndiiika kumapeto kwa shelefu, kuti woona azitha kutsata ndi maso mmene inakulira ndi mmene inafotera. Imene sindipanga ndi ya 2004 mpaka 2006. Inali galimoto yabwino, koma inali Holden Monaro yopangidwa ku Australia, thupi lake losalala lopanda poti waya ungagwire.

Ntchito ya Loweruka likubwerali ndi galasi lakumbuyo. Pa ya 1966 galasilo linalowa mkati, pakati pa nsanamira ziwiri za denga zimene zimatsetsereka kupita ku buti, ndiye pafunika mafelemu awiri, wina mkati mwa mnzake. Waya wa mpanda ndi wonenepa kwambiri pamenepa, ndikafunafuna masipoko a njinga kumsika. Mphwanga wabwera kawiri kudzafunsa ngati ndiikapo chiwongolero chachitali choti aziyendetsa pabwalo. Ndamuuza kuti adikire boneti ithe, ndipo ekiselo yakutsogolo ndaisiya yokhota kale kuti chiwongolerocho chidzalowe.